Zaka 60 za Jaguar E-Type ndi Aston Martin DB5

E-Type inakwanitsa zaka 60 mu 2021, DB5 mu 2023. Zonsezi ndi galimoto za ku Britain zodziwika pa maulendo ataliatali, koma ine mtima wanga uli pa E-Type.

DB5 inkapangidwa m'tauni ya Newport Pagnell ku England kuyambira 1963 mpaka 1965, ndipo zinatuluka zongopitirira pang'ono 1,000. Bodi yake ndi ya aluminiyamu, injini ya malita 4.0. Inatchuka kwambiri ndi filimu ya James Bond ya Goldfinger mu 1964. Ndi yokongola ndithu, koma mtengo wake, woposa £4,000, unali wa anthu olemera okhaokha.

E-Type inkagulidwa pafupifupi theka la ndalamazo. Itaonetsedwa ku Geneva mu Malichi 1961, ofuna kuikwera anachuluka moti Norman Dewis, dalaivala woyesa galimoto za Jaguar, anayendetsa ina usiku wonse kuchokera ku Coventry, komwe kunali fakitale ya Jaguar ku England, kuti ikathandize inzake. Boneti yake yaitali ija imatseguka yonse cha kutsogolo, injini ya malita 3.8 ndi matayala n'kuonekera poyera. Zinapangidwa zoposa 70,000, n'chifukwa chake pa zikondwerero zake eni ake amabwera ambirimbiri, aliyense akuyendetsa yake.