Ulendo wolipira pa ndege ya Tiger Moth: zimene ndinaona ndi zimene zinasowa

Ku England kuli makampani angapo amene amakweza anthu pa ndege zakale za Tiger Moth, ndipo ine ndinalipira ulendo wa mphindi 20 pa bwalo lina la udzu kumwera kwa dzikolo. Ndinkafuna kudziwa mmene munthu amamvera akakhala m'ndege imene inaphunzitsa anyamata ambirimbiri kuuluka pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, ndege imenenso ena anaferamo asanamuone n'komwe mdani.

Ndegeyi inapangidwa ndi kampani ya de Havilland, inauluka koyamba mu Okutobala 1931, ndipo gulu lankhondo la m'mlengalenga la Britain, la RAF, linayamba kuigwiritsa ntchito mu 1932. Zonse pamodzi zinapangidwa pafupifupi 9,000, zina ku Canada, Australia ndi New Zealand, ndipo zinaphunzitsa oyendetsa ndege mpaka ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Imene ndinakwera inali yachikasu, mtundu umene ankapaka ndege zophunzitsira kuti zizioneka patali. Nditagogoda phiko ndi chala linalira ngati ng'oma, pakuti mkati mwake ndi matabwa ndipo kunja anakutako nsalu yokungika.

Ogwira ntchito anandiveka jekete lachikopa, chipewa ndi magalasi, pakuti malo okhala m'ndegeyi alibe denga, n'kundisonyeza malo ochepa pa phiko pamene ndi pololedwa kuponda. Anandikhazika mpando wakutsogolo, umene pa nthawi ya nkhondo unali wa mphunzitsi, pamene wophunzira ankakhala kumbuyo. Ndegeyi ili ndi mapiko akumwamba ndi akumunsi, ndipo pamwamba panga chakutsogolo, pakati pa mapiko akumwamba, panali thanki ya mafuta. Injini yake ya Gipsy Major sililiza ndi kiyi. Bambo wina anaima kutsogolo, nafuulirana ndi woyendetsa, n'kupukusa pulopela ndi manja mpaka inalira. Mabuleki kulibe, ndipo kumchira kuli kachitsulo kokhukhuluza pansi m'malo mwa tayala, n'chifukwa chake ndegeyi imafuna bwalo la udzu komanso mphepo yosaomba chopingasa. Mphepo yomweyo inandidikiritsa pafupifupi maola awiri, ndipo pamenepa sindiwadandaula, chifukwa anachita bwino kusathamangira ndalama.

Titakwera m'mwamba, woyendetsa anandiuza kuti ndigwire ndodo yowongolera, ndipo apa ndi pamene ndalama zanga zinagwira ntchito. Nditayesa kukhota osaponda bwino zopondera za kumapazi, mphepo yozizira inandimenya tsaya limodzi, kusonyeza kuti ndege ikuyenda chammbali. Sinachite zoopsa, koma cholakwa changa sinachibise ngakhale pang'ono, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake aphunzitsi ankaikonda: aliyense angathe kuiulutsa, koma kuiulutsa mwaluso kumafuna maso, manja ndi mapazi kuti zigwirizane nthawi zonse. Potera, mphuno ya ndege imatseka kutsogolo konse, moti woyendetsa amasuzumira m'mbali kuti aone udzu.

Chimene chinandikhumudwitsa ndi nkhani imene amafotokozera alendo asanakwere. Anatiuza zosangalatsa zokhazokha, osatchulapo kuti ndege zambiri za mtundu umenewu zinathera m'minda ndi m'mitengo pa maphunziro, zina zitawombana m'mlengalenga, zina zitazima injini, zina zitayamba kugwa chozungulira wophunzira n'kulephera kuziwongola. Umboni wake uli pa ndege yomweyo: kutsogolo kwa mchira kuli timapiko tiwiri topyapyala timene anawonjezera pa nthawi ya nkhondo kuti ndege izisiya msanga kuzungulira kotereku, ndipo mapiko akumwamba anawasunthira kutsogolo kuti wokhala mpando wakutsogolo athe kudumpha ndi parachuti. Ndinachita kufunsa ndekha, ndipo makaniko wachikulire ndiye anandifotokozera zonsezi mofatsa, atagwira nsanza yamafuta m'manja. Munthu wodziwa chotere anayenera kupatsidwa mpata wolankhula ndi mlendo aliyense.

Chipangizo cholankhulirana chinkaphokosera kwambiri, moti mawu ena a woyendetsa sindinawamve, ndipo mphindi 20 zimaphatikizapo kuyenda pansi popita konyamukira. Amene akufuna kugwira ndodo nthawi yokwanira asankhe ulendo wautali kuposa wangawu, avale zofunda ngakhale kukutentha, ndipo afike msanga kuti acheze ndi amakaniko ndege isanatulutsidwe m'nyumba yake.