Buku la ulendo wa Darwin limene ndinagula kwa venda wa mabuku ku Old Town

Ndimaphunzitsa bayoloje pa sekondale ina muno mu Lilongwe, ndipo chaka ndi chaka ndimauza ana a Folomu 4 za Charles Darwin, wasayansi wa ku England amene anafotokoza mmene zamoyo zimasinthira, ndi timbalame take ta finch ta ku zilumba za Galápagos, kumadzulo kwa South America. Buku limene iye analemba za ulendowo, The Voyage of the Beagle, ndinalipeza kwa mnyamata wina amene amayala mabuku a kaunjika pakhonde la sitolo ku Old Town, kufupi ndi msika waukulu. Linali pansi pa mabuku a akaunti ndi manovelo othothoka zikuto. "Aphunzitsi, ameneyo ndi wa sayansi weniweni, sindingakuchotsereni kwambiri," anatero. Tinanenerera mtengo mpaka tinakumana pa K7,000. Mnyamatayo ndimuyamikire: amalola munthu kuvundukula buku bwinobwino asanapereke ndalama, ndipo anandionetsa yekha tsamba limene linali litamatidwa ndi selotepu.

Kope langa ndi losindikizidwa motchipa. Pepala ndi lachikasu, zilembo n'zing'onozing'ono, moti magetsi akazima ndi bwino kungolisiya, tochi ya foni ikupweteketsani mutu. Chondinyansa kwambiri n'chakuti osindikiza sanaikemo mapu. Buku la ulendo wozungulira dziko lonse lopanda mapu! Ndinachita kubwereka atilasi ya mphunzitsi wa jogalafe kuti ndidziwe kumene kuli Bahía Blanca.

Sitima ya Beagle inanyamuka ku Plymouth pa 27 December 1831, woyendetsa ali Robert FitzRoy, ndipo inabwerera ku England pa 2 October 1836. Darwin anakwera ali ndi zaka 22 zokha. Panyanja ankangosanza, n'chifukwa chake sitima ikangokocheza iye ankathawira kumtunda, ndipo nthawi yaikulu ya ulendowo anathera pamtunda, makamaka ku South America. Mwa mitu 21 ya bukuli, wa Galápagos ndi umodzi wokha, wa nambala 17. Kumeneko anakhalako pafupifupi masabata asanu mu 1835, n'kuponda zilumba zinayi basi.

Amene angathamangire mutu umenewo aphonya nyama ya nkhani. Mu 1832, pa Punta Alta ku Argentina, Darwin anakumba mafupa a zilombo zikuluzikulu zimene zinatha kalekale, kuphatikizapo Megatherium. Anapezanso zidutswa za chigoba chachikulu chofanana ndi cha armadillo, kanyama kamene kadakalipo komweko mpaka lero. Funso limene linamugwira ndi ili: bwanji nyama zakufa za dera lina zimafanana ndi zamoyo za dera lomwelo? Pa 20 February 1835 chivomezi chinamupeza ali ku Valdivia m'dziko la Chile, ndipo atafika ku Concepción anapeza mzinda wagwa. FitzRoy anaona zigoba za m'nyanja zitakakamira pamiyala imene chivomezicho chinaikweza pamwamba pa madzi, zikuwola. Patapita milungu yochepa Darwin anaona zigoba za m'nyanja pamwamba pa mapiri a Andes. Iye anali akuwerenga buku la Charles Lyell lonena kuti dziko limasintha pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali zedi, ndiye apa anaziona ndi maso. Ganizo lakuti kusintha kwakung'ono kukaunjikana kumabala chinthu chachikulu analiyambira pa miyala, kenako n'kudzalipititsa ku zamoyo.

Nkhani imene ana anga anaseka nayo mpaka kugwira m'mimba ndi ya mbalame ya rhea, yooneka ngati nthiwatiwa. Darwin anamva kwa abusa a ng'ombe kuti kum'mwera kuli mtundu wina wocheperapo, ndipo ankaufunafuna. Tsiku lina ku Port Desire mnzake wa m'sitima anawombera mbalame, anaiphika, anthu anadya. Darwin anazindikira mochedwa kuti ndiwo imene yalowa m'mimba ndi mbalame yomwe ija. Anatolera mutu, khosi, miyendo, phiko ndi nthenga zotsala, n'kuzitumiza kwawo, ndipo katswiri wa mbalame John Gould anadzatsimikiza kuti unalidi mtundu wina.

Za timbalame ta finch, bukuli landichititsa kusintha kaphunzitsidwe. Ali pa zilumbazo Darwin sanalembe n'komwe kuti kambalame kalikonse wakagwira pa chilumba chiti. Zimene anaziona kuti zikusiyana chilumba ndi chilumba ndi mbalame zina, za mockingbird. Mkulu wina wa boma kumeneko, Nicholas Lawson, anamuuza kuti akangoona fulu amadziwa chilumba chimene wachokera, koma Darwin sanazitengere pamtima nthawi yomweyo. Afuluwo ankawakwera pamsana, ndipo a m'sitima ankawadya. Ndi Gould yemwe uja amene mu 1837, ku London, ananena kuti timbalame ta milomo yosiyanasiyanato ndi ta banja limodzi. Darwin anachita kupempha zolemba za anzake a m'sitima kuti alondoloze kumene tinagwidwa.

Apa ndiye pofunika kusamala pogula. Bukuli linatuluka koyamba mu 1839, kenako Darwin analikonzanso mu 1845, ganizo la chisinthiko, loti mitundu ya zamoyo imasintha pang'onopang'ono n'kubala mitundu ina, ali nalo kale mumtima koma asanalilengeze. M'kope la 1845 ndi mmene muli chithunzi cha mitu inayi ya timbalameto, komanso mawu amene akuponya ngati mongoyerekeza, akuti munthu angaganize kuti mtundu umodzi unatengedwa n'kusinthidwa kuti ugwire ntchito zosiyanasiyana. Langa likutsata la 1845, mawuwo alimo, koma chithunzicho chinasindikizidwa mothimbirira moti mlomo waukulu ndi waung'ono mumachita kutong'ola maso. Chiphunzitso chenichenicho chinatuluka mu November 1859 m'buku lake la On the Origin of Species, atakankhidwa ndi kalata ya mu 1858 ya Alfred Russel Wallace, wofufuza zachilengedwe amene anafika pa ganizo lomweli payekha. Wallace nayenso anali atawerenga buku la ulendo lomweli asanapite kukasaka tizilombo ku Amazon.

Pali masamba amene amawawa kuwerenga. Mmene akufotokozera anthu a ku Tierra del Fuego ndi monyoza, ngati si anthu anzake. Munthu yemweyo akafika pa ukapolo umene anauona ku Brazil akulemba ndi ukali weniweni, akuthokoza Mulungu kuti sadzapondanso dziko la akapolo. Zonse ziwiri ndinawerengera ana m'kalasi, ndipo mtsutso wake unadya piriyodi yonse. Chingerezi chake n'chakale, ziganizo zazitali, ndipo mitu ina ya miyala ndi matanthwe a m'nyanja mwana wa Folomu 4 sangaipirire payekha.

Pophunzitsa ndimaliphatikiza ndi zathu. Mu 1859 momwemo David Livingstone anafika pa nyanja ya Malawi, imene ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba za banja la chambo, utaka ndi mbuna, zambiri zosapezeka kwina kulikonse padziko. Mbuna zina zimapala ndere pamiyala, nsomba zina za banja lomweli zimaswa nkhono, zina zimadya mamba a zinzake, pakamwa pa iliyonse poyenerana ndi kadyedwe kake, monga milomo ya timbalame ta Darwin tija. UNESCO itaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, nsomba zimenezi ndizo zinali chifukwa chachikulu.

Kwa aphunzitsi anzanga ndi ophunzira zachilengedwe ku Bunda, ligulani mukalipeza. Musanapereke ndalama tsegulani mutu 17 muone ngati chithunzi cha mitu ya timbalame chilimo komanso chikuoneka, ndipo ngati pali kope la mapu, onjezerani ndalama mutenge limenelo.