Seachem Prime pa Thanki Yaikulu ya Nsomba

Thanki yanga yosungiramo mbuna za ku Nyanja ya Malawi imalowa malita 400, ndipo madzi ake ndimatunga pampopi kuno ku Chipata. Popeza klorini yemwe amakhala m'madzi a pampopi amawononga ziwalo zopumira za nsomba komanso kupha tizilombo tothandiza ta mu fyuluta, ndimathiramo Seachem Prime, mankhwala ochotsa klorini m'madzi. Chimene chimandikondweretsa n'chakuti mamililita 5 okha, omwe ndi chivindikiro chimodzi, amakwanira malita 200, motero botolo limakhalitsa. Ndikamasintha malita 100 mlungu uliwonse, ndimasakaniza theka la chivindikiro m'mgolo ndisanathire madziwo m'thanki. Koma amene amathira ndi paipi molunjika m'thanki ayenera kuyeza mankhwala okwanira thanki yonse. Fungo lake la salufa lisakudabwitseni, ndi mmene mankhwalawa alili.