Dzira kapena chiponde: chimene kafukufuku wa kwathu kuno anapeza

Pa sikelo amayi ambiri amafunsana kuti mwana wa miyezi 6 akayamba phala, chimamukuza bwino nchiyani pakati pa dzira ndi chiponde. Mwayi wathu ngwakuti zonsezi zinayesedwa konkuno ku Mangochi, pa ana athu omwe.

Dzira analiyesa m'kafukufuku wa Mazira ku Lungwena ndi ku Malindi, mu 2018 mpaka 2019. Ana 660 a miyezi 6 mpaka 9 anagawidwa pawiri mwamaere. Ena ankalandira dzira limodzi tsiku lililonse kwa miyezi 6, ena ankangodya za masiku onse. Pomaliza msinkhu wa ana a magulu awiriwa sunasiyane, ngakhale mitu ya odya mazira inakula mochulukirapo pang'ono. Ku Ecuador, dzira lomweli linachepetsa kupinimbira pafupifupi ndi theka. Chimodzi chimene ofufuza anaona kuno nchakuti ana ambiri a m'mbali mwa nyanja amadya kale nsomba, choncho dzira silinapeze mpata waukulu woti litseke.

Chiponde chopewera kupinimbira, cha timapaketi ting'onoting'ono, chinayesedwa m'kafukufuku wa iLiNS-DOSE pa ana oposa 1,900, kuyambira miyezi 6 mpaka 18. Nachonso sichinawatalikitse. Pamene anaphatikiza kafukufuku wa m'mayiko angapo mu 2021, phindu linaoneka, mwa ana 100 alionse amene akanapinimbira, 12 anapewa kupinimbirako.

Apa ndichenjeze, chifukwa nkhaniyi imasokonekera m'midzi. Chiponde cha kuchipatala, chopatsa mwana wonyentchera kwambiri kapena wotupa mapazi, ndi mankhwala ndithu. Chimapulumutsa moyo, ndipo dzira silingalowe m'malo mwake. Musachigawire abale ake a wodwalayo, musachigulitse pamsika.

Koma kwa mwana amene khadi lake la sikelo likuyenda bwino, ine ndimaika dzira patsogolo. Nkhuku zili pakhomo, pomwe timapaketi tija timadikira bungwe, likachoka nato tatha. Ndalama ikavuta, usipa wouma ndi umene ndimaukhulupirira kwambiri. Ukazingeni pang'ono, musinje ndi mitu yomwe mpaka ukhale ufa, musefe, nkuthira supuni imodzi m'phala la mgaiwa pamodzi ndi nsinjiro. Timinga take tosinjikato ndi timene tili ndi kashiamu wolimbitsa mafupa.

Mwana amene amadwaladwala malungo ndi kutsegula m'mimba amavutika kukula ngakhale adye bwino, ndiye masikito ndi madzi othira mankhwala zisasowe pakhomo, ndipo kuyamwitsa kupitirire mpaka zaka 2.