Makina a dot peen odinda nambala pa zitsulo, patatha miyezi 14

Makinawa amalemba pokhoma timadontho pa chitsulo ndi singano, ndi oyendera mpweya wa kompuresa, ndipo akhala akudinda nambala pa mabulaketi, mafulanji ndi mashafiti m'wekishopu ina ku Graniteside, dera la mafakitale ku Harare. Mamota ndi bokosi lowongolera zikadali bwinobwino. Chimene chimatha ndi singano ya carbide (chinthu cholimba kuposa chitsulo) yokhoma timadontho ija. Pa aluminiyamu imakhalitsa, koma pa chitsulo cholimba mpaka cha m'ma 60 HRC (muyeso wa kulimba kwa chitsulo) nsonga imabuntha msanga kapena kubenthuka, timadontho n'kumatuluka totambalala koma tosazama. Muziiona ndi galasi lokulitsa sabata iliyonse, ndipo muzisunga yapadera limodzi ndi sipuling'i yake. Kudikira sipeya kuchokera ku Johannesburg ntchito itaima si nkhani yabwino.

Vuto lenileni ndi madzi. Nyengo ya mvula kuno ku Harare, kuyambira Novembala mpaka Malichi, madzi amachuluka m'thanki ya kompuresa, n'kulowa m'paipi kukafika kumutu wa makina kumene kuli singano. Singano imayamba kukakamira, ena mwa madontho osatuluka. Pa nambala wamba diso limatha kuwerengabe, koma pa Data Matrix (kachizindikiro ka madontho kowerengedwa ndi sikana) madontho akasowa ochuluka sikana imakana. Thanki izikhuthulidwa m'mawa uliwonse, ndipo fyuluta yochotsa madzi ikhale pafupi ndi makina, osati pa kompuresa paja. Mphamvu ya mpweya isamasinthesinthe: wina akatsegula mfuti yopopera penti pa paipi yomweyo, kuzama kwa madontho kumasintha pakati pa nambala.

Ambiri amadzaphunzira mochedwa za penti ndi zinki. Chitsulo chokhuthala kuposa mamilimita 6 chikaviikidwa mu zinki wotentha, zinkiyo amakuta pafupifupi mamilimita 0.085, nthawi zambiri kuposerapo, ndipo amadzaza timaenje. Nambala yozama mamilimita 0.1 imafufutika. Zopita ku galuvanaizi (kuviika mu zinki kumeneku) dindani zilembo zikuluzikulu, mubwereze kawiri kapena katatu pamalo pomwepo, kenako mutumize chidutswa chimodzi chikaviikidwe musanadinde mulu wonse. Data Matrix pamenepo iwalani.

Chitsulo chimangidwe zolimba pa vaisi kapena jigi, chikagwedera zilembo zimapendama. Singano imene yadinda chitsulo wamba isakhudze sitenilesi, chifukwa tizidutswa ta chitsulo wambacho timasiya madontho a dzimbiri.

Magetsi akathima pakati pa nambala, kauntala ikhoza kudumpha kapena kubwereza nambala, choncho bokosi lowongolera likhale pa UPS (chipangizo cha batire chopereka magetsi akathima), ndipo nambala yomaliza izilembedwa m'buku. Poyerekeza ndi panchi ndi hamala, makinawa ngoyenera kugula, koma phokoso lake pa malata opyapyala n'loboola m'makutu, zotsekera makutu musaziiwale.