Shopu ya avetenale yomwe inandithandiza mbira zitalumana kuno ku Mzuzu

Amene mumaweta mbira mu Mzuzu muno, zanu zikalumana mpaka magazi musamangotsuka ndi madzi amchere nkuzibwezera m'khola limodzi, pitani nazo kwa avetenale. Ine ndikunena za shopu ina ya mankhwala a ziweto ili mtauni chakufupi ndi msika waukulu. Eni ake ndi bambo achikulire ndithu, ntchito yawo yambiri ndi ya ng'ombe zamkaka, nkhumba ndi nkhuku, koma mbira yathu anailandira bwinobwino osatiseka, pomwe anthu ambiri ukawauza kuti mbira yadwala amangoti iphani mudyere nsima.

Nkhani yake inali yotere. Mwana wanga ali ndi mbira ziwiri zamphongo za bere limodzi, zakulira pamodzi kwathu ku Chibavi, ndiye mnzake atamupatsa yaikazi nkuiyika m'kakhola koyandikana, zamphongo zija zinagwirana moti khutu la imodzi linang'ambika. Bala lenilenilo silinandiopse kwambiri, chinandidetsa nkhawa ndi m'mene zinasinthira pambuyo pake. Yogonja ija inangokhala ndwii pakona, udzu osadya, kale inkalira ikangomva kuti wina akubwera ndi msipu koma apa zii, ndipo yopambanayo inayamba kuluma ngakhale dzanja la mwana amene amaidyetsa tsiku ndi tsiku.

Adokotalawo asanatchule mankhwala alionse anayamba afunsa kaye. Zili ndi miyezi ingati, khola ndi lalikulu bwanji, zimadyera mbale imodzi kapena ayi, pali yaikazi pafupi? Nditayankha anati mayi, zamphongo zikayamba kukhwima, kuyambira cha pa miyezi 3 mpaka kudutsako chaka, zimalimbirana ufumu, ndipo fungo lokha la yaikazi limatha kudanitsa ngakhale zobadwa pamodzi. Kenako anandisiyanitsira zinthu ziwiri zimene ambiri timaziphatikiza. Kukwerana, kuthamangitsana, kuyenda monyang'wa uku ikung'ung'udza chapansipansi, izo ndi zamasiku onse, zisiyeni zigwirizane zokha kuti wamkulu ndani. Koma mukamva kukukuta mano mokweza, ubweya waimirira, ikuyasamula kuonetsa mano, dziwani kuti ndeu yayandikira, ndipo zikakulungana nkutuluka magazi basi zilekanitseni, koma ndi thaulo kapena chitenje, osalowetsa dzanja chifukwa nthawi imeneyo siziona kuti uyu ndi mwini wake.

Pomwe ndinaona kuti munthuyu ntchito amaidziwa ndi pamene anasiya khutu limene tonse timayang'analo nkuyamba kupapasa thupi lonse pansi pa ubweya. Anapeza timabala tiwiri kumsana chakumatako, kamodzi katayamba kale kutupa. Akuti mano a mbira amaboola pang'ono koma mozama, pamwamba pamatsekeka msanga, mkati nkumasonkhana mafinya olimba amene satuluka okha. Ndiye mbira yongokhala duu ikatha ndeu si kuti yakwiya kapena ikuchita manyazi ayi, nthawi zambiri ikumva ululu, ndipo nyama zimenezi zimabisa ululu mwachibadwa chifukwa kutchire yooneka yofooka ndi imene imayamba kugwidwa. Anameta pamalopo, kutsuka, nkutipatsa mankhwala atayamba aiyeza kaye pa sikelo.

Apa ndilembe momveka chifukwa ndi zimene zingapulumutse mbira ya wina. Anandichenjeza kuti ndisayerekeze kuipatsa amoxicillin kapena penicillin, makapisozi amene ambirife timasunga m'nyumba aja. Kwa mbira amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo, imayamba kutsegula m'mimba nkufa. Anatinso mbira ikakhala tsiku lathunthu osadya ndi ngozi kale, matumbo ake amafunika azigwira ntchito nthawi zonse, ndiye anandionetsa kusinja msipu ndi madzi pang'ono nkumaimwetsa ndi sirinji yopanda singano, pang'onopang'ono chammbali mwa kamwa. Komanso mbira ili ngati ife anthu, thupi lake silipanga lokha vitamini C, moti bala limachedwa kupola ngati ikungodya gaga ndi makoko a chimanga. Anati ndiziwonjezera kachidutswa ka gwafa, girini pepa ndi masamba obiriwira, koma udzu ukhale wambiri kuposa zonse popeza mano ake amakula moyo wonse ndipo amaperepeseka ndi kutafuna.

Za khola ananena zoona zowawa. Anati zamphongo zimene zalumana mpaka magazi kawirikawiri sizibwererananso, ndipo kufula sikuthetsa chidani pakati pa zamphongo, kumangothandiza kuti muthe kuiyika ndi yaikazi osaswana. Ndinayamikira kuti sanafune kundidyera ndalama pa opaleshoni yopanda phindu. Koma anakananso zoti yogonjayo ndikaitsekere kwayokha kutali, akuti mbira kwawo ndi ku mapiri a Andes, ku Peru ndi maiko oyandikana nawo ku South America, ndipo ndi nyama zokhala m'magulu, ikakhala yokhayokha imafooka. Ndiye tinagawa khola ndi waya wa nkhuku pakati kuti zizionana ndi kununkhizana koma osafikirana, iliyonse mbale yake, madzi ake, pobisala pake, yaikazi ija nkuisamutsira kuseri kwa nyumba.

Zosakoma zilipo ndithu. Bambowa sakhalitsa pashopu, amangoitanidwa kumakola a ng'ombe kunja kwa tauni, ndipo mnyamata amene amatsala pakauntala amadziwa kugulitsa basi, za mbira sangakuthandizeni, moti mutha kudikira mpaka kutopa. Mankhwala ambiri ali m'mabotolo akuluakulu a ng'ombe ndi mbuzi, ndiye kanyama ka kilogalamu imodzi mpaka iwo eni akuyezereni timadontho, musalole kuti wina akugulitseni botolo muzikayeza nokha kunyumba. Malo oonera chiweto ndi kabenchi kuseri kwa matumba a chakudya cha nkhuku, phokoso la njinga zamoto lili pakhomo pomwepo, mbira yamantha kale imanjenjemera. Mtengo wokha sunandidandaulitse.

Pano yolumidwa ija ikudya, yayambanso kulira ikamva msipu, ngakhale ikadali yamantha ukafuna kuinyamula. Yolusayo yasiya kuluma dzanja chichotsereni yaikazi, koma zikakumana pa waya nthawi zina zimakukutirana mano, ndiye waya sitichotsa. Mukafuna kupita pitani m'mawa asanatuluke, muinyamule m'katoni yoboola timabowo muikemo udzu wouma wambiri, makamaka miyezi ya Juni ndi Julaye pamene Mzuzu amazizira, ndipo ngati nkotheka tengani zonse ziwiri m'makatoni osiyana chifukwa yopambanayo nayonso imatha kukhala ndi mabala obisika.