Kuwerenga mbalame za m'dambo: Januwale kapena Julayi?

Bungwe la Wetlands International limayendetsa kalembera wa mbalame za m'madzi yemwe adayamba mu 1967, ndipo mu Africa muno owerenga amatuluka mu Januwale ndi mu Julayi. Kum'mwera kwa Africa miyezi iwiriyi imaonetsa dambo losiyana kwambiri.

Januwale ndiye mwezi wopeza alendo. Mbalame zoswera ku Ulaya ndi ku Asia, monga ruff ndi wood sandpiper, zimakhala zilipo mpaka cha mu Epulo. Vuto ndi dzinja: madzi amasefukira, udzu ndi bango zimatalika, mbalame n'kumwazikana m'mathaphwi akutali. Abakha ambiri amakhala ali pa mazira, osaoneka. Chiwerengero chikatsika, musathamangire kunena kuti mbalame zatha.

Mu Julayi madzi aphwera, nsomba zapanikizika m'maiwe, choncho akakowa, mavuwo ndi atsekwe amaunjikana poyera. Ntchito imapepuka, koma alendo ambiri apita. Msampha wake ndi wina: gulu lalikulu mwina langothawa madambo ena ouma, sikuti mbalame zaswana.

Wofuna kudziwa za mbalame zokhazikika asankhe Julayi. Wotsata zosamuka sangachitire mwina koma kuponda matope a Januwale. Kulikonse, imani pamalo omwewo chaka chilichonse, yambani m'mawa, werengani gulu lalikulu m'timagulu ta 10, 50 kapena 100, ndipo lembani pomwe madzi alekezera. Mbalame mukazidzidzimutsa zimauluka n'kukatera kutsogolo, ndiye mutha kuziwerenga kawiri mosadziwa. Januwale ayerekezedwe ndi Januwale mnzake, osati ndi Julayi.